Mmene mungafufuzire mizu ya banja m'kamudzi ka ku England: zomwe ndinaphunzira ku Eyam

Mwana wanga wamkazi za kwathu ku Dedza amazidziwa ngati anabadwira komweko. Amadziwa malume ake, amadziwa yemwe anabereka agogo anga, amadziwa ngakhale mtengo umene uli pafupi ndi manda athu. Koma tsiku limene aphunzitsi awo kuno ku Sheffield anawatuma kuti alembe mndandanda wa makolo awo, mbali ya bambo ake inathera pa agogo ake basi. Mwamuna wanga, yemwe ndi mzungu wa konkuno, anangokanda kumutu n'kunena kuti, "Akuti tinachokera ku Eyam, ndipo akuti makolo athu ndi ena mwa amene anapulumuka mliri uja." Ma akuti awiri m'mpweya umodzi. Kwathu munthu wotere akuluakulu amamuyang'ana ndi chisoni.

Eyam ndi kamudzi ka m'dera la Derbyshire, m'mapiri a Peak District, ndipo eni ake amakatchula kuti Iimu, zilembo zinazo amangozimeza. Kamadziwika ndi nkhani imodzi. M'chaka cha 1665 mtolo wa nsalu wochokera ku London unafika kwa telala wa m'mudzimo uli ndi utitiri wa mliri, ndipo George Viccars, amene anaumasula, anaikidwa m'manda mu Sepitembala chaka chomwecho. Wansembe wa pamudzipo, William Mompesson, pamodzi ndi mbusa wakale Thomas Stanley, anagwirizana ndi anthu kuti asatuluke m'mudzi kuopa kufalitsa matenda. Pofika Novembala 1666 anthu pafupifupi 260 anali atamwalira. Ndiye banja lililonse lochokera kumeneko limafuna kukhala mdzukulu wa opulumukawo. Ife tinatha zaka ziwiri tikufufuza ngati zinali zoona, ndipo njira yake ndi iyi. Imagwira ntchito pa mudzi wina uliwonse wa ku England, chimasintha ndi dzina la tawuni kumene amasunga mabuku.

Yambani ndi munthu wamoyo, lero lomwe

Anthu ambiri amathamangira pa intaneti. Musatero. Mabuku a tchalitchi akhala akudikira zaka mazana anayi, adikiranso chaka china. Apongozi anga aamuna anabadwa mu 1938, ndipo pamene tinkayamba anali atayamba kale kusokoneza mayina a adzukulu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pitani m'mawa kapena masana, munthu wachikulire asanatope. Pemphani chilolezo chojambula mawu pa foni, ikani foniyo pa tebulo pafupi ndi tiyi, kenaka muiiwale. Ine tsiku loyamba ndinalakwitsa: ndinabwera ndi mafunso ngati wapolisi. "Bambo anu anabadwa chaka chanji? Amayi anu dzina la kwawo linali ndani?" Apongozi anakwiya chifukwa sankakumbukira, n'kuyatsa TV. Ulendo wachiwiri ndinafunsa kuti Lolemba kunyumba kwawo kunkamveka fungo lanji. Anaseka n'kunena kuti sopo ndi nthunzi, popeza Lolemba linali tsiku lochapa, ndipo chakudya chinali nyama yotsala ya Lamlungu, yozizira. Kuchoka pamenepo anafotokoza okha kuti ankathandiza kuchapa ndi mchemwali wa amayi awo amene ankagwira ntchito ku fakitale ya nsapato, kuti ankakhala kumtunda kwa mudzi, kuti anakwatiwa mochedwa ndi munthu wa ku Stoney Middleton. Mayina atatu ndi mudzi umodzi, popanda funso la chaka.

Funsani za zakudya, za njira yopita ku sukulu, za amene ankakhala nawo benchi imodzi, za maliro oyamba amene akukumbukira, za chimbudzi chakunja nthawi ya chisanu. Akakhala chete musawalowe m'kamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Azungu achikulire sazolowera kukamba za m'banja ngati mmene ife timachitira pa siwa usiku wonse, ndipo pali zinthu zimene anakula akuuzidwa kuti sizinenedwa: mwana wobadwa mayi asanakwatiwe, wachibale amene anafera ku nyumba ya boma ya amphawi, amene anatsekeredwa ku chipatala cha amisala. Zikatuluka zokha zilandireni mwaulemu. Zikapanda kutuluka mudzazipeza m'mapepala, ndipo pamenepo mudzaganize kawiri musanakawauze.

Pafupifupi nyumba iliyonse kuno ili ndi chitini cha mabisiketi chodzaza zithunzi. Chitulutseni. Gwirani chithunzi chimodzi chimodzi, funsani kuti awa ndani, lembani kumbuyo kwake ndi pensulo yofewa, osati bolopeni chifukwa imadinda mpaka kutsogolo. Yang'ananinso Baibulo la banja, makadi a maliro, makalata, mamendulo. Ndipo samalani ndi mayina ocheza. Polly nthawi zambiri ndi Mary, Peggy ndi Margaret, Jack ndi John, Sally ndi Sarah, Nellie akhoza kukhala Ellen kapena Helen. Ine ndinatha milungu itatu ndikufuna Polly amene sanalembedwepo paliponse. Komanso si aliyense wotchedwa "Auntie" amene ali wachibale. Ena anali oyandikana nawo nyumba chabe. Pamenepa sitisiyana nawo.

Gulani kope limodzi, muligawe pawiri: tsamba la kumanzere zomwe mwamva, la kumanja zomwe mwaziona ndi maso papepala la boma kapena la tchalitchi. Zisasakanikirane. "Tinapulumuka mliri" yakhala kumanzere zaka ziwiri zathunthu.

Bwererani m'mbuyo, m'badwo umodzi pa nthawi

Musayambire pa 1666 n'kumatsika. Yambirani pa munthu amene mukumudziwa n'kumakwera. Boma la England ndi Wales linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa pa 1 Julayi 1837, ndipo ofesi yosunga zimenezi ndi General Register Office, anthu amangoti GRO. Mndandanda wa mayina mungaufufuze ulere pa webusaiti ya FreeBMD kapena pa webusaiti ya GRO yomweyo mukalembetsa. Mndandandawo suonetsa mudzi. Umaonetsa dzina, chigawo cha kalembera, ndi gawo la chaka la miyezi itatu: Malichi, Juni, Sepitembala kapena Disembala. Munthu wobadwira ku Eyam mumupeza pansi pa Bakewell. Ndipo poti makolo anali ndi masiku 42 okalembetsa mwana, wobadwa kumapeto kwa Novembala akhoza kupezeka mu gawo la Malichi chaka chotsatira. Akasowa m'zaka zoyambirira musadabwe: udindo wokalembetsa unakakamizidwa pa makolo kuyambira 1875, ndiye ana ena a m'mbuyomo anaphonyedwa.

Mukapeza dzina, itanitsani satifiketi. Iyi ndiye yolipira, koma za kubadwa kwakale kwambiri ndi imfa zakale GRO imagulitsa ngati chithunzi kapena PDF pa mtengo wotsika kuposa pepala lenileni, ndipo kwa ofufuza n'zokwanira. Satifiketi ya kubadwa imapereka tsiku, malo, dzina la bambo ndi ntchito yawo, dzina la mayi ndi dzina la kwawo asanakwatiwe. Ya ukwati imapereka mayina a abambo a onse awiri, ntchito zawo, ndi mboni. Mboni muzizilemba nthawi zonse, kawirikawiri ndi achimwene, achemwali kapena alamu. Mukaona pa zaka palembedwa "full age", ndiye kuti zaka 21 kapena kuposerapo, basi.

Apa ndi pamene kukhala Mchewa kunandithandiza. Mapepala a kuno amatsata dzina la bambo. Mkazi akakwatiwa dzina la kwawo limazimiririka, ndipo tangoganizani, satifiketi ya ukwati ku England inayamba kukhala ndi malo a dzina la mayi mu Meyi 2021. Dzulodzuloli. Mwamuna wanga ankangofufuza dzina lake la banja, mzere umodzi wowongoka. Ine mutu wanga unazolowera kufunsa kuti, nanga anabereka iyeyu ndani, mbumba yake ndi iti? Dzina la kwawo kwa mayi ndiye kiyi wa ntchito yonseyi. Mndandanda wa GRO wa pa intaneti umalionetsa pa kubadwa kuyambira 1837, pomwe mabuku akale osindikizidwa anayamba kulionetsa mu 1911. Ndinaphunzira izi nditataya ndalama. Ndinaitanitsa satifiketi ya agogo a apongozi, dzina lolondola, chaka cholondola, Bakewell yemweyo. Itafika, bambo ake anali wogulitsa nyama wa mudzi wina. Ana awiri, dzina limodzi, gawo limodzi la chaka. Ndikanayang'ana dzina la mayi poyamba sindikanagula ya eni ake. Fufuzaninso dzina la banja pamodzi ndi dzina la mayi popanda dzina loyamba, muona ana onse a mayi ameneyo akutuluka, kuphatikizapo makanda amene anabadwa n'kumwalira pakati pa kalembera ndi kalembera, amene palibe wamoyo akuwakumbukira.

Kalembera

Tsopano mukhoza kulowa m'nyumba zawo. Yambani ndi 1939 Register, kaundula amene analembedwa pa 29 Sepitembala 1939 nkhondo itangoyamba, kuti anthu apatsidwe ziphaso ndi timabuku togulira chakudya. Ali ndi adiresi, tsiku lenileni lobadwa ndi ntchito. Chabwino china n'choti NHS, bungwe la zipatala za boma kuno, inapitiriza kumugwiritsa ntchito zaka zambiri pambuyo pake, ndiye mtsikana akakwatiwa ankakhwacha dzina lakale n'kulemba latsopano pamwamba. Anthu amene sanathe zaka 100 chibadwire ndipo imfa yawo sinatsimikizidwe amabisidwa ndi mzere wakuda. Nditaonetsa apongozi tsamba la nyumba yawo pa laputopu, anawerenga dzina la bambo awo, la amayi awo, kenaka analoza mzere wakudawo. "Nanga apa?" Ndinati, "Adadi, amenewo ndinu." Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati angathe kukhala ndi kope lake.

Kaundula ameneyu ndi wofunika chifukwa kalembera wa 1931 wa England ndi Wales anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanawerenge anthu chifukwa cha nkhondo. Wa 1921 anatsegulidwa mu Januwale 2022, ndipo amatchula kampani imene munthu ankagwirako ntchito. Wa 1911 mumaona dzanja la mwini nyumba weniweni, ndipo mayi aliyense wokwatiwa anafunsidwa kuti wakhala m'banja zaka zingati, wabereka ana angati, amoyo ndi angati. Mzere umenewo umapweteka kuwerenga. Kuchoka apo mumatsika zaka khumi khumi mpaka 1841, woyamba kukhala ndi mayina a anthu onse. Wa 1841 musamukhulupirire pa zaka: opitirira zaka 15 ankawatsitsira ku nambala yothera pa 5 kapena 0, ndiye wa zaka 39 analembedwa 35. Kuyambira 1851 ndi pamene analemba ubale wa aliyense ndi mwini nyumba komanso mudzi wobadwira.

Zambiri mwa izi zili pa mawebusaiti a Ancestry ndi Findmypast, amene ndi olipira, koma malaibulale ambiri a boma kuno amalola kugwiritsa ntchito imodzi mwa iwo ulere pa makompyuta awo. FamilySearch ndi yaulere, FreeCEN ndi FreeREG nazonso. Nthawi zonse tsegulani chithunzi cha tsamba lenileni, musakhutire ndi zomwe wina anataipa, chifukwa otaipa amasokoneza zilembo za dzanja lakale. Dzina lanu lifufuzeni m'kalembedwe kosiyanasiyana. Wolemba ankalemba zomwe wamva, monga momwe mayina athu anasinthikira m'mabuku a amishonale. Werenganinso nyumba zoyandikana, zisanu kumtunda zisanu kumunsi, popeza m'kamudzi apongozi ndi alamu amakhala khomo ndi khomo. Mawu ena oti muwadziwe: "ag lab" ndi waganyu wa m'munda, "cordwainer" ndi wosoka nsapato, "scholar" ndi mwana wa sukulu, ndipo "son-in-law" nthawi zina ankatanthauza mwana wopeza.

Kalembera wa 1881 ndiye anaswa mtima wa mwamuna wanga. Kholo lake la dzina lawo, wokumba mtovu m'migodi, pa malo obadwira panalembedwa Tideswell, mudzi wina pamtunda wa makilomita ngati 8. Si wa ku Eyam ayi. Wa ku Eyam anali mkazi wake. Ndinaseka mpaka misozi, ndinati, "Bambo a mwana, kholo lanu linali mkamwini." Anabwera kudzakhala kwawo kwa mkazi, pafupi ndi apongozi ake, ndipo m'kalembera nyumba ya makolo a mkaziyo ndi yachitatu kuchokera pa yawo. Pa satifiketi ya ukwati wawo mwamunayo anangolemba X, mkaziyo anasaina dzina lake lonse.

Mabuku a tchalitchi

1837 isanafike, mboni ndi tchalitchi. Thomas Cromwell, nduna ya mfumu ya England, analamula mu 1538 kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro, ngakhale si mabuku onse a nthawi imeneyo amene anapulumuka chinyezi ndi mbewa. Mabuku akale sakhalanso ku tchalitchi. Amasungidwa ku ofesi yosunga zakale ya dera, ndipo ya Derbyshire ili ku Matlock. Ambiri anajambulidwa ndipo ali pa intaneti, komabe pitaniko kamodzi. Lembani kalata ya imelo pasadakhale kusungitsa malo, tengani chiphaso, pensulo osati bolopeni, chikwama mukasiya mu loka. Auzeni ogwira ntchito kumeneko dzina la mudzi ndi zaka zimene mukufuna. Safunsa anadya phula. Anthu amenewa amadziwa mabokosi amene simungawaganizire n'komwe.

Dziwani kuti buku la ubatizo limapereka tsiku lobatizidwa, osati lobadwa, ndipo mabanja ena ankabatiza ana atatu tsiku limodzi. Kuyambira 1813 mabuku anali ndi mizere yosindikiza, yokhala ndi malo a ntchito ya bambo ndi kumene akukhala, ndipo pa maliro zaka za womwalira. Maukwati anakhala ndi buku lawolawo kuyambira 1754, la masaini ndi mboni. Kupitirira pamenepo kumbuyo mumangopeza mzere umodzi, "John mwana wa John", mayi osatchulidwa n'komwe, nthawi zina m'Chilatini.

Misampha ilipo iwiri. Woyamba ndi kalendala. Chisanafike chaka cha 1752, chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi. Ndiye mukapeza khanda lobatizidwa mu Disembala 1740 n'kuikidwa m'manda mu Januwale 1740, wansembe sanaledzere; Januwale ameneyo ndi wa 1741 m'kawerengedwe kathu. Wachiwiri ndi mipingo ina. Anthu ambiri a m'migodi ndi m'mafakitale anali a Methodist, ndiye ana awo akasowa m'buku la Anglican fufuzani m'mabuku a chapelo. Koma ukwati wa pakati pa 1754 ndi 1837 mukaupeza ku Anglican, chifukwa lamulo linkakakamiza onse kukwatira kumeneko kupatula a mpingo wa Quaker ndi Ayuda. Tsamba likang'ambika kapena buku likasowa, funsani makope amene ankatumizidwa kwa bishopu chaka ndi chaka, otchedwa Bishop's Transcripts. Derbyshire nthawi imeneyo inali pansi pa dayosizi ya Lichfield, ndiye makopewo, pamodzi ndi ma wilu a 1858 isanafike, amasungidwa ku Staffordshire.

Mzere wa mkazi uja tinautsata m'mabuku a Eyam, mayi ndi mayi wake, mpaka m'zaka za m'ma 1760. Pamenepo tinapeza amuna awiri a dzina limodzi, onse akubatiza ana m'zaka zomwezo, onse akazi awo ndi Mary. Ndinaima. Pa intaneti pali anthu angapo amene anasankha mmodzi mwa awiriwo, n'kuwoloka mpaka 1666, ndipo aliyense anakopera kwa mnzake. Anthu khumi kunena chinthu chimodzi si umboni ngati onse anamva kwa munthu mmodzi. Mndandanda wa makolo wa munthu wina muziutenga ngati mphekesera za pachigayo: mverani, kenaka mukaone nokha.

Zina zoti muyang'ane mwachangu

Mapu akale a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu, ali ulere pa webusaiti ya National Library of Scotland, a ku England omwe, ndipo mungawasanjike pamwamba pa mapu a lero kuti muone pamene panali mgodi, chitsime kapena chapelo. Mapu a chakhumi cha tchalitchi, amene anajambulidwa potsatira lamulo la 1836, ali ndi nambala pa munda ndi nyumba iliyonse, ndipo buku lake limanena mwini malo ndi wokhalapo. Ma wilu kuyambira 1858 mumawafufuza pa webusaiti ya boma. Musanyoze wilu wa mayi wamasiye kapena wosakwatiwa, ndi amene amatchula aliyense, mpaka mwana wa mchemwali wolandira supuni. Nyuzipepala zakale monga Derbyshire Times zili pa British Newspaper Archive, ndipo m'menemo ndi mmene mumapeza ngozi za mu mgodi, milandu ya kuledzera, ndi mndandanda wa amene anabwera ku maliro ndi ubale wawo. Ngati pali msilikali wa nkhondo yoyamba amene sanabwerere, webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, ndi yaulere. Mafayilo a asilikali ambiri anapsa ndi bomba ku London mu 1940, ndiye lake likasowa si vuto lanu. Za DNA sindizikana, koma musatumize malovu a munthu wachikulire musanamufotokozere kuti zikhoza kutulutsa mchimwene amene sankamudziwa.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga izi muli ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Limbe, ndipo mzungu amene mukumufuna ndi agogo anu enieni, amene anabwera nthawi ya Nyasaland kudzagwira ntchito ku esiteti kapena ku njanji. Njira ndi yomweyi, kungoti muyambe ndi akuluakulu a kwanu ndi National Archives ku Zomba kuti mupeze dzina lake lonse molondola. Mndandanda wa okwera sitima zochoka ku Britain kuyambira 1890 mpaka 1960 unasungidwa ku National Archives ya ku Kew, ku London, ndipo uli pa intaneti. Ambiri obwera kwathu ankatsikira ku Beira, ndipo m'zaka za pambuyo mndandandawo unkalemba adiresi yomaliza ya ku Britain. Adiresi imeneyo ndiyo ingakufikitseni ku mudzi.

Pitani ku mudziko, koma pomaliza

Mukapita poyamba mudzangoona nyumba zokongola za miyala ndi malo omwera tiyi. Mukapita muli ndi mayina, mapu ndi nambala ya munda, mudzi umayankhula. Tengani nsapato za matope, jekete ya mvula, tochi, ndipo ngati n'kotheka munthu wachikulire uja. Pewani Lamlungu lomaliza la Ogasiti ngati mukufuna bata, chifukwa ku Eyam ndilo tsiku la mapemphero okumbukira mliri ku Cucklet Delf, chigwa chimene ankapempherera panja nthawi ya matendayo.

Yambirani ku manda a pa tchalitchi cha St Lawrence. Zilembo zofufutika musazikweche ndi burashi kapena kuthira sopo, mwala umanyenyeka. Walitsani tochi chammbali, mithunzi idzutsa zilembo zokha. Jambulani mwala wonse, kenaka pafupi, kenaka miyala yoyandikana nayo. Mukapanda kupeza wanu musakhumudwe: amphawi ambiri analibe mwala, ndipo ife sitinapeze wa mkamwini uja ngakhale buku la maliro likunena kuti ali momwemo. Lowani m'tchalitchi, werengani mayina a pa chikumbutso cha nkhondo, lembani m'buku la alendo dzina la banja limene mukufufuza. Funsani ngati mudzi uli ndi kagulu ka okonda mbiri, midzi yambiri ili nako, komanso kuli Derbyshire Family History Society. Eyam ili ndi nyumba yake yosungiramo zakale, ndipo si za mliri zokha, mulinso za mtovu, silika ndi nsapato, zimene makolo ambiri ankadyera.

Kumbukirani kuti nyumba zimene zili ndi zikwangwani za omwalira ndi mliri muli anthu, akuphika ndi kuonera TV. Musasuzumire pa windo. Mukapeza nyumba ya makolo anu ndipo mukufuna kuijambula, gogodani kapena siyani kakalata. Ndipo ngati ndinu wakuda ngati ine, konzekerani kufotokoza. Mayi wina wokoma mtima m'tchalitchimo anayesa ndine wantchito wosamalira apongozi, mpaka ndinatulutsa kope langa n'kumuwerengera mibadwo isanu ndi umodzi ya akazi a m'mudzi mwake. Anatitengera kwa bambo wina wachikulire amene anaphunzira sukulu imodzi ndi apongozi, ndipo awiriwo anatha ola lathunthu akukangana za dzina la galu wa mwini shopu.

Madzulo ake tinayenda pang'onopang'ono kupita ku mwala wa malire, panjira ya ku Stoney Middleton, umene uli ndi mabowo pamwamba. M'mabowomo anthu a m'mudzi ankaikamo ndalama zoviika mu viniga, a kunja n'kusiya chakudya. Mwana wanga anapisa zala m'mabowo onse. Apongozi anakhala pa khoma la miyala n'kunena kuti mchemwali wa amayi awo uja, wa ku fakitale ya nsapato, ankadutsa njira yomweyi Lamlungu lililonse kukaona chibwenzi chake, zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa sakanatha kusiya mayi ake odwala. Zimenezo sizili m'buku lililonse. Foni inali m'thumba, ndinali nditaiwala kuyatsa, ndiye ndinazilemba m'galimoto ndi pensulo, tsamba la kumanzere.

Lembani, gawani

Musadikire kuti mumalize, ntchito iyi siitha. Lembani zomwe muli nazo m'masamba ochepa, munthu aliyense ndime yake, ndipo pa mfundo iliyonse nenani kumene mwaitenga: satifiketi, kalembera wa chaka chakuti, kapena pakamwa pa agogo tsiku lakuti. Pamene simukudziwa siyani mpata woonekera. Za anthu amoyo musaziike pa intaneti osawapempha. Mawu ojambulidwa achotseni mu foni, asungeni malo awiri, ndipo sindikizani makope a pepala atatu apite nyumba zitatu zosiyana. Lathu limodzi lili kwa alamu anga ku Chesterfield, lina linapita ku Dedza, kumene amayi anga analiwerengetsa n'kufunsa ngati mkamwiniyo anapatsidwa munda.

"Tinapulumuka mliri" ikadali tsamba la kumanzere. Mmodzi mwa amuna awiri a dzina limodzi aja anasiya wilu, ndipo ngati anatchulamo mwana wamkazi ndi dzina la mwamuna wake, tidziwa kuti wathu ndi uti. Ndasungitsa malo ku Stafford, kumene amasunga ma wilu aja, mwezi wa mawa, ndipo mwana wanga wapempha kale kuti ajombe ku sukulu. Ndamukaniza, tipita pa holide.